Timibulu ta nyama ta uchi, bwemba ndi kambuzi: mbale yolandirira alendo pa phwando

Pa chinkhoswe chilichonse pamakhala nthawi ina yomwe ophikafe timaiopa. Alendo afika, akhala pansi pa tenti, zoimbira zayamba kale, koma mpunga ukadali pamoto ndipo akuchimuna akuti angowoloka kumene mlatho wa Bakili Muluzi kuno ku Mangochi. Akuluakulu ayamba kuyasamula, ana akuzungulira kukhitchini ngati nkhuku zomva mphale. Apa m'pamene pamafunika kachakudya kogwiriza m'mimba, kotola ndi kamtengo, kosafuna mbale kapena beseni losambira m'manja. Samusa timamudziwa tonse, makamaka mwezi wa Ramadani, ndipo mandasi sasowa. Koma mbale yomwe imabwerera kukhitchini itayera kuti mbee ndi ya timibulu ta nyama tokutidwa ndi msuzi wonanda, wotsekemera poyamba, wowawasa pakati, wosiya kamoto kukhosi. Pa maphwando timangoti ma meatballs. Achimwene athu obwera ku Joni amati frikkadel, ngakhale awo amakhala akuluakulu ndipo amadyera mpunga kapena mbatata.

Nyama ndi msuzi ndi ntchito ziwiri zosiyana, zimakumana mphindi khumi zomaliza basi. Ine ndinazidziwa mochititsa manyazi pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Namwera. Pofuna kufulumira ndinaponya timibulu tatiwisi mumsuzi wa shuga, pa mbaula yoyaka kuti lawilawi. Pansi pa poto panapserera, fungo la chinyeko linalowa paliponse, koma ukanyema kambulu m'kati muli psuu. Azakhali anasuzumira m'potomo, nandiyang'ana: "Mwana wanga, nyama imafuna moto, shuga amaopa moto. Iwe wazikwatitsa tsiku lolakwika." Tsikulo alendo anadikira mpunga ndi mtedza wokazinga.

Pitani ku butchala m'mamawa

Werengani kaye alendo. Kilogalamu imodzi ya nyama, mukaphatikizamo buledi, anyezi ndi mazira, imatulutsa timibulu pakati pa 50 ndi 55 tokula ngati suku lokhwima bwino. Munthu mmodzi muwerengereni tinayi, popeza chakudya chenicheni chikubwera. Ndiye kuti kilogalamu imodzi ikwanira anthu 12 kapena 13, ndipo alendo 50 afuna makilogalamu anayi. Miyeso yonse yotsatirayi ndi ya kilogalamu imodzi, muchulukitse nokha.

Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumadutsa madigiri 35, ndipo nyama yopachikidwa kuyambira m'bandakucha ikafika 2 koloko masana imakhala itayamba kale ulendo wina. Pitani dzuwa lisanakwere. Musagule yogayiratu yomwe yakhala m'beseni. Sankhani mnofu nokha, augaye inu mukuona. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timakhala pamwamba pa nyama. Pa nthuli yathunthu moto umatipeza msanga, koma makina akagaya amatisakaniza mpaka m'kati, n'chifukwa chake nyama yogaya imawonongeka msanga ndipo imafunika ipse mpaka pakatikati.

Kwa wogulitsa nenani momveka: "Achimwene, ya paphewa magalamu 800, muikepo linunda kapena mafuta a pachifuwa 200, mugaye kamodzi kokha." Mafuta akhale gawo limodzi mwa magawo asanu. Ng'ombe zathu zimayenda mitunda kufuna msipu, nyama yake ndi yokoma koma youma, ndipo popanda mafuta timibulu timatuluka tolimba ngati miyala ya legeni. Kugaya kawiri nako kumaisandutsa phala. Ya mbuzi ichita, makamaka nthawi ya Idi ya nsembe pamene ili mbwee, kungoti mafuta a mbuzi amagwirana msanga akazizira n'kumata m'kamwa, choncho musachulutse ndipo muperekere zikadali zotentha.

Kuno alendo ambiri pa phwando lililonse ndi Asilamu, ngakhale mwini phwando akhale wa mpingo. Gulani nyama ya halaal, ndipo makina ogayirawo akhale a pamalo pomwepo. Mlendo akafunsa, muzitha kuyankha osagwetsa maso.

Kumene kulibe makina, chotsani mitsempha yonse yoyera, dulani nyama tizidutswa, kenako muiwaze pa thabwa ndi mpeni wakuthwa mpaka ikhale ngati mphale. Mumtondo musasinje ayi. Yosinja imagwirana kwambiri ndipo ikapsa imadumpha ngati mphira.

Pobwerera dzerani mumsika: chibulu cha bwemba chodzaza dzanja, tsabola wa kambuzi, mutu umodzi wa adyo, jinja wotalika ngati chala chachikulu, anyezi wamkulu mmodzi wa masamba ake, mandimu awiri, mazira awiri ndi chitowe pang'ono. Ku golosale mutenge buledi woyera, mkaka, tomato sosi, shuga wa bulauni, uchi, mafuta ophikira ndi timitengo totokosera m'mano. Mukafika kunyumba nyama ilowe m'fuliji nthawi yomweyo, kapena mbale yake ikhale pamwamba pa ayezi m'beseni. Ayezi sasowa kuno kwawo kwa nsomba.

Viikani ziwiri musanagwire nyama

Choyamba bwemba. Muikeni m'kapu imodzi ya madzi otentha, akhale mphindi 20 kapena 30, mumuiwale kaye.

Chachiwiri buledi. Tengani masilayisi anayi, wa dzulo ndiye wabwino, chotsani m'mphepete mouma, nyenyani m'mbale yaikulu n'kuthira mkaka mamililita 150, kuposa theka la kapu pang'ono. Wa ufa wosungunula uchita, ngakhale madzi achita mkaka ukasowa. Pakatha mphindi khumi phwanyani ndi foloko akhale phala. Ena amaganiza kuti buledi ndi wochulukitsira, kachinyengo ka ogulitsa. Ayi ndithu. Nyama ikamapsa imakhwinyata n'kufinyira madzi ake kunja, monga mmene timafinyira chitenje pochapa. Phala la buledi limalowa pakati pa nyamayo, limailetsa kugwirana kwambiri, ndipo madzi otulukawo limawamwa n'kuwasunga momwemo. Kufewa konse kwa kambulu kumachokera apa. Amene amaika ufa wa tirigu kapena wa chimanga m'malo mwa buledi amapeza zolemera, zomata m'mano.

Anyezi musadule ngati wa ndiwo. Zidutswa zikuluzikulu ndi zomwe zimang'amba kambulu pachiwaya. Mpaleni pa chopalira kapena mumusinje m'kamtondo, kenako mufinye m'dzanja. Madzi akewo musataye, sungani m'kapu, alowa mumsuzi.

Kusakaniza

M'phala la buledi lija ikani anyezi wofinya, mazira awiri, timagawo titatu ta adyo tosinja, mchere masupuni awiri aang'ono osasefukira, paprika supuni yaing'ono imodzi, ndi tsabola wakuda theka la supuni yaing'ono. Okonda kale (curry) aike supuni yaing'ono imodzi, osapitirira, chifukwa amalimbana ndi bwemba. Vundulani zonsezi zisakanikirane nyama isanalowe. Mukatero mchere ndi zokometsera zafalikira kale, ndipo nyama simuivutitsa.

Tsopano nyenyerani nyama pamwamba. Tambasulani zala ngati mukupalasa mpunga pa lichero, muzinyamula kuchokera pansi n'kugwetsa, mphindi imodzi yokha. Zala zikasiya kuona zoyera za buledi, lekani. Kukanda ngati mtanda wa mandasi ndiko kumalimbitsa. Dzanja lomwe limaphika nsima yabwino nthawi zambiri limalakwa pano, chifukwa linazolowera mphamvu.

Mwaona kuti kambuzi sindinamuike m'nyama. Ndi dala. Pa phwando pamakhala ana, agogo, ndi ena a zilonda za m'mimba. Moto wonse ukakhala mumsuzi, mutha kupatula timibulu tina n'kutikonzera msuzi wopanda tsabola popanda kugwira ntchito kawiri.

Musanaumbe tsinani kachidutswa, kaphwatalale ngati ndalama yachitsulo, mukakazinge n'kulawa. Nyama yaiwisi salawa pa lilime. Mchere ukachepa onjezerani pano, chifukwa msuzi wakunja sungakonze kambulu kozizira m'kati. Kachidutswako kakamwazika pachiwaya ndiye kuti madzi achuluka: nyenyerani silayisi ina ya buledi wouma.

Kuumba ndi kukazinga

Ikani kambale ka madzi pambali, muzinyowetsa manja. Tapani ndi supuni yaikulu, yodzaza pang'ono, bulungizani pakati pa zikhatho kawiri katatu osafinya, ikani pa thileyi yopaka mafuta. Tonse tikhale tofanana, apo ayi tating'ono tiuma tikuluti tisanapse. Kambulu ka pa phwando kazilowa m'kamwa kamodzi. Kakakula, mlendo amaluma theka, theka linalo limagwa pa kamtengo n'kutsikira pa chitenje chatsopano cha yunifomu, ndipo dzina lanu lidzatchulidwa mpaka tsiku la ukwati.

Thileyi ikhale m'fuliji mphindi 30 kuti mafuta agwire, timibulu tisaphwatalale pamoto. Ngati fuliji palibe, musaumbe zonse n'kuzisiya pabwalo. Mbale yaikulu ikhale pa ayezi, muziumba khumi ndi tiwiri, mukazinge, muumbenso.

Chiwaya chikhale chotambalala, mafuta afike sentimita imodzi, moto wapakatikati. Ponyanimo kanyenyeswa ka buledi: kakayamba kulira nthawi yomweyo koma osada msanga, mafuta akonzeka. Ikani timibulu 12 mpaka 15, motalikirana. Mukadzaza chiwaya mafuta amazizira, nyama imatulutsa madzi, ndipo m'malo mokazinga mwayamba kuwiritsa. Mphindi ziwiri zoyamba musakhudze. Kambulu kamamata pansi poyamba, kenako kamadzimasula kokha kakachita chikhokho. Amene amathamangira kutembenuza ndi amene amang'amba. Zikatha mphindi ziwirizo gwedezani chiwaya kapena tembenuzani ndi supuni, muzitero mpaka mbali zonse zifiire. Zonse pamodzi ndi mphindi 8 mpaka 10.

Pa gulu lililonse nyemani kamodzi kakakulupo. M'kati musakhale mofiira, ndipo madzi otuluka akhale oyera. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama ayang'ane madigiri 71 pakati pa kambulu, ndipo ngati ndi nyama ya nkhuku 74. Tsanulirani pa sefa yawaya kapena pa mapepala a kukhitchini, osati pa nyuzipepala, inki imatsalira pa chakudya.

Okhala ndi uvuni, makamaka pophikira anthu ambiri, ayale pa thileyi n'kuotcha pa madigiri 200 kwa mphindi 15 mpaka 18, kutembenuza kamodzi pakati. Ndi zosavuta ndipo mafuta sawonongeka, koma chikhokho cha pachiwaya chimakoma kuposa. Ine makilogalamu akapitirira atatu ndimagonja n'kupita ku uvuni.

Msuzi

Msuziwu umakhala pa mafuwa atatu: kutsekemera, kuwawasa ndi kuwawa kwa tsabola. Chotsani fuwa limodzi, poto apendekeka. Anthu ambiri amakumbukira awiri, shuga ndi tsabola, n'kuiwala chowawasa, ndipo mlendo akadya tiwiri mtima umamukwana ngati wadya maswiti ochuluka. Chowawasa ndi chomwe chimatsuka m'kamwa n'kutumanso dzanja kumbale. Ku America amakonda kusakaniza jamu wa mphesa ndi sosi wa tsabola wa m'botolo, ndipo zimakoma ndithu, koma ife bwanji tivutike kusaka jamu wodula pamene bwemba amagwa yekha m'mitengo ya m'mbali mwa nyanja? Sosi wotchuka wa ku England uja, Worcestershire, naye m'kati mwake muli bwemba yemweyu. Kuwawasa kwa bwemba kuli ndi thupi: kumabwera ndi kafungo ka chipatso, kumadetsa msuzi bwino ndi kuuthandiza kukhuthala. Viniga amangobaya lilime n'kuchoka.

Bwererani ku kapu ija. Fikisani bwemba ndi zala mpaka nthangala zitsale zokha, sefani, kanikizani ndi supuni pa sefa kuti phala lonse lidutse. Mukufuna theka la kapu la madzi okhuthala. Akasowa bwemba, viniga masupuni atatu aakulu kapena madzi a mandimu awiri alowa m'malo, koma mandimu muthire kumapeto, akawira nthawi yaitali amataya fungo.

Tsabola ndikunena wa kambuzi, osati piripiri wautali uja. Piripiri amabaya msanga ngati mavu koma fungo alibe. Kambuzi ndi wa mtundu umodzi ndi habanero wa ku Mexico, amanunkhira ngati chipatso, ndipo moto wake umabwera mochedwerapo, kutsekemera kutadutsa kale. Ndi zomwe tikufuna. Pa phwando la anthu osakanikirana mmodzi akwanira. Awiri ndi a anthu ozolowera. Atatu ndi a anyamata a kunyanja amene amaika tsabola ngakhale pa mango. Ukali wambiri suli m'nthangala monga timanenera, uli m'kamnofu koyera komwe nthangalazo zimamatirira. Mukapala kamnofuko mumatsala ndi fungo lonse ndi moto wochepa. Podula valani jumbo kudzanja. Chomwe chimawawa mu tsabola chimasungunuka m'mafuta, osati m'madzi, choncho mukagwira ndi manja pakani kaye mafuta ophikira, kenako musambe ndi sopo. Madzi okha amangofalitsa, ndipo mudzazindikira usiku popukuta m'maso kapena ponyamula mwana.

Tsopano moto. Phulani makala ena pa mbaula, otsalawo muwaze phulusa pamwamba mpaka malawi asaoneke. Mukatha kuika dzanja pamwamba pa mbaula n'kuwerenga mpaka 6 osalichotsa, ndi moto wa msuzi umenewo. Tengani poto wotambalala wa pansi pokhuthala, yemwe timibulu tonse tidzakwanemo. Sefuliya yopyapyala imapsereza shuga musanatembenuke.

Thirani mafuta masupuni awiri aakulu, ndipo ngati otsala pachiwaya sanade tengani omwewo, ali ndi kukoma kwa nyama. Ikani timagawo titatu ta adyo, jinja yense wosinja ndi kambuzi wodula bwinobwino. Takasani mphindi imodzi, fungo likangokwera basi. Adyo akada amawawa ngati mankhwala. Thirani tomato sosi kapu imodzi, bwemba theka la kapu, shuga wa bulauni theka la kapu, madzi a anyezi aja, madzi wamba kota ya kapu ndi mchere theka la supuni yaing'ono. Amene ali ndi soya sosi athire masupuni awiri aakulu n'kusiya mcherewo. Zibwate pang'onopang'ono, thovu limodzilimodzi, mphindi 10 mpaka 12, poto wosavundikira, inu mukupalasa pansi ndi mthiko. Pano pasakhale zopita kukalonjera alendo.

Uchi, masupuni atatu aakulu, ulowe pomaliza poto ali pafupi kuphulidwa. Ukawira nthawi yaitali fungo lake limathawa n'kutsala kutsekemera kokha, komwe shuga akanapereka pa mtengo wotsika. Uchi ndi umenenso umawalitsa. Kumbukirani kuti mwana wosakwana chaka sapatsidwa uchi, ngakhale wophika, ndiye amayi oyamwitsa asalawitse makanda.

Kuti mudziwe kuti wafika, viikani supuni, tembenuzani, lembani mzere kumbuyo kwake ndi chala. Mzere ukakhala osatsekeka, wakwana. Musadikire kuti ulimbe ngati phala, chifukwa ukamazizira umakhuthala wokha, ndipo wolimba kwambiri umasanduka ulimbo womatira timibulu kumbale.

Polawa, viikanimo kambulu. Msuzi wokha pa supuni umaoneka ngati wapitirira m'zonse, ndipo uyenera kutero, popeza nyama idzaufewetsa. Ukatsekemera kwambiri finyirani ndimu. Ukawawasa kwambiri onjezerani shuga supuni imodzi. Moto ukachepa, Nali amapulumutsa, supuni yaing'ono imodziimodzi, mukulawa, popeza ali kale ndi mchere wake. Tsabola akachuluka ndiye nkhani ina: sachoka. Madzi sathandiza, shuga amangobisa pang'ono. Njira yoona ndi kuphika theka lina la msuzi lopanda tsabola n'kuphatikiza. Ukapserera pansi musapale. Tsanulirani wa pamwamba mu poto wina, mulawe. Ngati chinyeko chalowa, tayani, muyambirenso. Tomato sosi ndi shuga n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kilogalamu ya nyama yomwe mukufuna kuiwononga nayo.

Nyengo ya mango, kuyambira Novembala mpaka Januwale, pamene akuwolera pansi pa mitengo, sefani mnofu wa mango akupsa awiri, muthire pamodzi ndi tomato sosi, shuga muchepetse ndi theka. Sefani ndithu, ulusi wa mango athu umakola m'mano. Ufa wa malambe nawo umawawasa bwino, masupuni awiri aakulu osungunula m'madzi, kungoti umakhuthalitsa msanga ndipo msuzi suwala ngati wa bwemba. Ndinayesa kawiri, ndinabwerera ku bwemba.

Kukumanitsa

Alendo akayamba kufika, m'pamene nyama ndi msuzi zikumane. Bwezani poto pa moto wa phulusa uja, msuzi ukayamba kubwata tsanuliranimo timibulu. Mthiko ukhale pambali. Gwirani poto ndi nsalu mbali zonse ziwiri, muzimuzunguza kuti timibulu tigubuduke tokha, kapena mutembenuze ndi chipande mofatsa. Vundikirani mphindi zisanu kuti kutentha kulowe mpaka m'kati, vundukulani, mupitirize mphindi zitatu kapena zisanu mukuzunguza. Mudzaona msuzi ukuchoka pansi pa poto n'kukwera pa nyama, kambulu kalikonse kakuwala ngati kapakidwa vanishi. Pansi pazitsala msuzi wochepa wokha. Ukalimba msanga thirani madzi otentha supuni imodziimodzi.

Kuperekera

Kazingani chitowe pa chiwaya chouma mpaka chiyambe kuthetheka, dulani masamba a anyezi tating'onoting'ono, muwaze pamwamba. Bayiranitu kamtengo pa kambulu kalikonse. Mukasiya timitengo m'kapu pambali, anthu amatola ndi zala kapena kubwereza kamtengo komwe kalowa kale m'kamwa. Ikani kambale kena kotayamo timitengo togwiritsa kale ntchito, apo ayi mudzatitola pabwalo sabata yonse ndipo ana oyenda opanda nsapato adzatipeza musanatipeze. Ana aang'ono apatseni pa kambale, opanda kamtengo. Ngati mwakonza mbale ziwiri, ikani kambuzi wathunthu pamwamba pa yowawayo, aliyense amva uthengawo. Tizidutswa ta nkhaka kapena chinanazi m'mphepete mwa mbale timaziziritsa m'kamwa. Wina akapsa lilime musamupatse madzi, mupatseni mkaka kapena chambiko.

Chomwe chimasiyanitsa kuphikira phwando ku Mangochi ndi ku Dedza ndi dzuwa. Chakudya cha nyama chophikaphika sichiyenera kukhala pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo kunja kukatentha kuposa madigiri 32 nthawiyo imatsika kufika ola limodzi. Kuno masana ambiri a chilimwe ndi otero. Choncho musatulutse zonse pakamodzi. Tulutsani mbale ya timibulu 20 kapena 25, zotsalazo zikhale zovundikira pa mbaula ya phulusa, zotentha moti nthunzi ikutuluka, mukuthirako madzi pang'ono nthawi ndi nthawi. Mbale ikatha, tengani yoyera, osathira zatsopano pamwamba pa zakale. Food warmer sawonjezera kutentha, amangosunga komwe mwamupatsa. Mutsukuluzeni ndi madzi owira, mupukute, muikemo zochokera pamoto pomwepo. Ndipo kansalu kopyapyala kovundikira kasasowe, ntchentche zimamva uchi zili kutsidya la Shire.

Zambiri mutha kuchitiratu dzulo lake. Kazingani timibulu, muyale pa thileyi kuti tizizire msanga, tilowe m'fuliji ola lisanathe. Msuzi ukhale m'botolo lake. Magetsi akathima musatsekuletsekule: fuliji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, kupitirira apo thamangirani ayezi. Mu fuliza timibulu tokazinga timakhala mpaka miyezi itatu, ndipo tisungunukire m'fuliji usiku, osati padzuwa. Tochokera kozizira timafuna mphindi 12 mpaka 15 mumsuzi, ndi madzi owonjezera pang'ono. Nyemani kamodzi muone ngati pakati pakutuluka nthunzi.

Phwando likakhala kutali, kunyanja ku Monkey Bay kapena ku Cape Maclear, musanyamule zotentha m'galimoto n'kuyembekezera kuti zifika bwino. Nyamulani nyama yozizira pa ayezi, msuzi m'botolo, poto, kambaula ndi makala pang'ono, mukakumanitse komweko. Fungo la jinja ndi kambuzi likamakwera pamchenga limaitana anthu kuposa wolengeza pa chimkuzamawu.

Mbale yoyamba isanatuluke, patulani timibulu khumi muvundikire, mubise kuseri kwa ndowa. Ndi ta amayi amene akhala pa utsi kuyambira 4 koloko m'mawa, chifukwa kutenti sikubwerera kanthu. Potonso musamuviike m'madzi msanga. Msuzi womata m'mbali uja, alamu anga amaupala ndi chinangwa chowiritsa ataima chiimire pafupi ndi mbaula, ndipo chaka chatha anakangana ndi apongozi awo polimbirana chipande.